Khanda limamva kale, likungosowa woliyankha

Pali mawu amene timanena mosaganizira tikakhala pafupi ndi mwana wa miyezi inayi kapena isanu: "Ameneyu sanayambe kudziwa kanthu." Timanena mwachikondi ndithu, nthawi zina pomuikira kumbuyo kwa mkulu wake amene wakwiya chifukwa chokokedwa tsitsi. Koma mawuwa ali ndi zotsatira zake. Munthu amene ukukhulupirira kuti sakumva sulankhula naye. Umangomusambitsa, kumuyamwitsa, kumubereka ndi kumugoneka uli duu, n'kumadikira tsiku limene adzatchule "amama" kuti macheza ayambe. Kudikira kumeneku ndi kumene ndikutsutsa. Pofika tsiku la "amama" limenelo mwana amakhala atagwira kale ntchito yaikulu ya chaka chathunthu, ndipo ntchitoyo imayenda bwino kapena movutikira malinga ndi anthu amene amuzungulira.

Ntchitoyi imayamba mwana asanabadwe. M'miyezi itatu yomaliza ya pakati makutu ake amakhala atayamba kumva. Mawu amamufika ngati a munthu wolankhulira kuseri kwa chipupa, koma kukwera ndi kutsika kwake, liwiro lake ndi popumira pake zimamveka. Mu 1980, Anthony DeCasper ndi William Fifer a ku America adapatsa makanda osapitirira masiku atatu kansonga koyamwa kolumikizidwa ku makina, moti kayamwidwe ka mwana ndi kamene kankasankha mawu oti amve. Makandawo adasintha kayamwidwe kawo kuti azimva mawu a mayi awo m'malo mwa mawu a mayi wachilendo. Mu 2009, gulu la Kathleen Wermke la ku Würzburg ku Germany lidafalitsa zimene lidapeza litajambula kulira kwa makanda 60 a masiku ochepa, theka a ku France, theka a ku Germany. Kulira kwa a ku France kunkakonda kukwera chakumapeto, kwa a ku Germany kunkatsika, mofanana ndi kamvekedwe ka zilankhulo za makolo awo. Mwana amene akadali m'chikuta, mchombo usanagwe, amakhala atanyamula kale kamvekedwe ka mawu a kwawo.

Kwa ife nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa m'Chichewa kukweza kapena kutsitsa mawu kumasintha tanthauzo. Moira Chimombo ndi Al Mtenje a ku Chancellor College adalembapo za zimenezi mu 1989, pofufuza momwe ana aang'ono amaphunzirira kukana m'Chichewa. Palibe kholo limene limakhazika mwana pansi kumuphunzitsa kamvekedwe kameneka, ndipo polemba sitikaonetsa n'komwe. Mwana amakatola yekha ndi khutu, kuchokera kwa anthu amene amalankhula pamene iye ali.

Chimene chimandidabwitsa kwambiri ndi zimene zimachitika pakati pa miyezi 6 ndi 12. Janet Werker ndi Richard Tees a ku Canada adaonetsa mu 1984 kuti makanda a m'mabanja olankhula Chingerezi, ali ndi miyezi 6 mpaka 8, ankatha kusiyanitsa maliwu a chilankhulo cha Hindi cha ku India amene akuluakulu olankhula Chingerezi amalephera kuwasiyanitsa. Pofika miyezi 10 mpaka 12, ambiri luso limeneli linali litawathera. Sikuti nzeru zidachepa ayi. Ubongo unali utasankha maliwu ofunika m'chilankhulo cha pakhomo n'kusiya enawo. N'chifukwa chake mwana wa ku Dedza savutika kusiyanitsa "pa" ndi "pha" kapena "ta" ndi "tha", pamene mlendo wophunzira Chichewa atakula amalimbana nazo nthawi yaitali. N'chifukwa chakenso ife "l" ndi "r" wa Chingerezi amatizunguza, poti kwathu kusiyana kwake sikusintha tanthauzo la liwu. Mu 1996 Jenny Saffran ndi anzake ku Rochester ku America adaikira makanda a miyezi 8 maphatikizo opanda tanthauzo, otsatizana popanda kupumira, kwa mphindi ziwiri zokha. Makandawo adazindikira maphatikizo amene ankayendera limodzi, kutanthauza kuti adayamba kupeza okha pamene liwu likuyambira ndi pamene likuthera. Mu 2012 Elika Bergelson ndi Daniel Swingley adapeza kuti makanda a miyezi 6 mpaka 9 akamva dzina la chakudya kapena la chiwalo cha thupi, maso awo amakonda kupita pa chithunzi choyenera. Ameneyo ndiye mwana amene timati sanayambe kudziwa kanthu.

Kholo lina likamva zimenezi limathamangira ku foni. Ngati khutu limasankha msanga chonchi, bwanji osamuikira makatuni a Chingerezi akadali wakhanda? Funso limeneli lidayesedwa kale. Mu 2003 Patricia Kuhl ndi anzake ku Seattle ku America adatenga makanda a miyezi 9 a m'mabanja olankhula Chingerezi n'kuwakumanitsa maulendo 12 ndi anthu olankhula Chimandarini, chilankhulo cha ku China ndi ku Taiwan, amene ankasewera nawo ndi kuwawerengera mabuku. Makanda ena adaonetsedwa anthu omwewo akulankhula zomwezo koma pa kanema, ndipo ena adangomva mawu okha. Amene adakumana ndi munthu maso ndi maso adatha kusiyanitsa maliwu a Chimandarini mofanana ndi anzawo okulira ku Taiwan. A pa kanema ndi a mawu okha aja adatuluka osasiyana ndi makanda amene sadamvepo chilankhulocho. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2019, lidati mwana wosakwana zaka ziwiri asamakhazikidwe pa kanema kapena pa foni, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku.

Ndikudziwa chimene foni imagwera m'manja mwa khanda. Mayi wa ku Ndirande kapena ku Area 25 wabwera ku geni madzulo, madzi sanatunge, moto sanakoleze, akufuna kampata koti aphike. Foni imatontholetsa mwana, ndipo sindingamuloze chala mayi ameneyo. Pempho langa n'lakuti tisamadzinamize kuti mwanayo akuphunzira Chizungu. Akungotonthola basi. Ndipo tiganizirenso za foni imene ili m'manja mwa kholo. M'zaka za m'ma 1970 Edward Tronick ankapempha amayi kuti asewere ndi makanda awo, kenaka mwadzidzidzi aumitse nkhope, osamwetulira, osayankha, kwa mphindi zochepa. Mwana amayamba ndi kumwetulira kuti amukope mayiyo, kenaka amatambasula manja, amakuwa, ndipo zikakanika amatembenukira kumbali n'kuyamba kulira. Nkhope ya munthu amene wamira pa WhatsApp siisiyana kwenikweni ndi nkhope youmayo. Kamodzikamodzi si vuto, poti mwana amabwerera mwakale mayi akamumwetuliranso. Koma ikakhala nkhope ya tsiku ndi tsiku, mwana amachepetsa kuyesera.

Chimene munthu wamoyo ali nacho, chimene kanema alibe, n'chakuti amayankha. Mwana akati "aguu", munthu amati "eya, mukuti chiyani amayi?" n'kudikira. Mwanayo amaponya timiyendo n'kutulutsanso kaphokoso kena. Kupatsana mpata kumeneku kumayamba ali ndi miyezi iwiri kapena itatu, kale kwambiri asanakhale ndi liwu ngakhale limodzi. Michael Goldstein ndi anzake adaonetsa mu 2003 kuti mayi akamamwetulira, kusendera pafupi kapena kumugwira mwana nthawi yomweyo imene watulutsa mawu, kubwebweta kwa mwanayo kumayamba kufanana ndi maphatikizo enieni. Amayi ena adauzidwa kuchita zomwezo mochuluka chimodzimodzi, koma pa nthawi yosagwirizana ndi mawu a mwana, ndipo kusinthako sikudaoneke. Choncho nkhani yagona pa kuyankha chimene mwana wayamba, pa nthawi imene wachiyamba.

Chakumapeto kwa chaka choyamba mwana amayamba kuloza. Akaloza nkhuku n'kutembenuka kukuyang'ana, akufuna kuti muione limodzi, ndipo akudikira kuti unenepo kanthu. Liwu limene unganene pamenepo, "nkhuku, taona ikudya madeya", limakhazikika msanga kuposa limene ungamuuze maso ake ali kwina. Sipafunika zidole za m'sitolo pa zimenezi. Chipande, mthiko, maluwa a pa chitenje, galu wa pakhomo, mvula ikamagwa, zonsezo ndi nkhani. Posambitsa pali dzanja, mwendo, madzi ofunda, sopo. Ndipo si ntchito ya amayi okha. Bambo amene amati adzayamba kucheza ndi mwana akadzayamba kuyenda ndi kutumika, akudzimana yekha komanso akumana mwanayo mawu a munthu wachiwiri, amene amalankhula mosiyana ndi mayi ndipo amatchula zinthu zina. Makolo athu ankadziwa kuti nkhani siyenda popanda woyankha, n'chifukwa chake wonena nthano sapitiriza mpaka omvera atati "tili tonse". Chimene chidatiphonya n'kuona kuti khanda nalonso limadikira yankho lotero.

Pali amene anganditsutse, ndipo mfundo yawo si yopepuka. Adzati agogo athu sankacheza ndi makanda, koma tonse tidakula tikulankhula, ena mpaka kuweruza milandu pabwalo. N'zoona, ndipo pali kafukufuku wowaikira kumbuyo. Marisa Casillas ndi anzake adajambula mawu tsiku lonse m'mudzi wa anthu a Tseltal ku Mexico, kumene akuluakulu salankhula kwambiri ndi makanda, ndipo mu 2020 adafalitsa kuti ana a kumeneko amayamba kubwebweta, kutchula mawu oyamba ndi kulumikiza mawu pa msinkhu wofanana ndi ana a kwina. Nkhani yotchuka ija ya ku America, yoti mwana wa m'banja losauka amatsalira ndi mawu 30 miliyoni asanayambe sukulu, idachokera pa mabanja 42 okha a ku Kansas mu 1995. Ofufuza ena atawerenga mawu onse amene mwana amamva pakhomo, kuphatikizapo a achibale ndi a anthu ena, kusiyanako sikudaoneke momwemo. Ine sindivomereza zoti mayi wa kumudzi ndi wosauka pa mawu. Mwana wa kumbuyo amapita kudimba, kuchigayo, kumjigo, kumaliro ndi kutchalitchi. Amamva malonje, mikangano, miseche ndi nyimbo za pamtondo. Amadutsa m'manja ambiri, ndipo akulu ake amamuseweretsa tsiku lonse. Chimenecho ndi chuma chenicheni.

Koma mudzi woterowo ukuthera ana ambiri. Taganizani za banja laling'ono la lendi ku Lilongwe. Agogo ali ku Ntchisi, makolo achoka m'mamawa, mwana watsala ndi mtsikana wantchito amene wauzidwa kuchapa, kukolopa ndi kuphika, ndipo palibe wamuuza kuti kucheza ndi mwana ndi ntchitonso. Mwana ameneyu samva za kumjigo, ndipo womuyankha alibe. Kuonjezera apo, kuyamba kulankhula pa nthawi yake si mapeto a nkhani. Chofunikanso n'chakuti pofika Sitandade 1 akhale ndi mawu okwanira, azitha kufotokoza zimene waona, azitha kufunsa. Ngakhale pakati pa anthu a Maya a ku Yucatán ku Mexico, kumene ana amamva kwambiri zokamba za ena, Laura Shneidman ndi Susan Goldin-Meadow adapeza mu 2012 kuti mawu olankhulidwa kwa mwanayo mwachindunji ndi amene ankalosera kuchuluka kwa mawu amene adzadziwe, osati ongomvera m'mbali. Mwana wathu adzalowa m'kalasi imene m'masukulu ena a boma mumakhala ana oposa 100 ndi mphunzitsi mmodzi. Mphunzitsi ameneyo, ngakhale atakhala wakhama chotani, sangamuyankhe payekha. Kuyankhidwa kumene sadakupeze pakhomo sadzakupeza kumeneko.

Apa chikhalidwe chathu chiyenera kudzifunsa. Timalera ana aulemu, ndipo sindikufuna kuti zimenezo zithe. Koma mwana wa zaka zitatu amene akufunsa kuti "ichi n'chiyani?" ndi "chifukwa chiyani?" sakuchita mwano. Tikamamubweza ndi "usandisokose" tsiku ndi tsiku, amaphunzira kuti kufunsa n'kulakwa, ndipo patapita zaka ife tomwe timadandaula kuti ana athu sakweza mkono m'kalasi. Mwambo umasintha eni ake akaona chifukwa. M'midzi ina ya Awolof ku Senegal mudali chikhulupiriro choti kulankhula ndi khanda kungaliitanire mizimu yoipa. Bungwe la Tostan lidakhala pansi ndi anthu a m'midzimo, ndipo ofufuza amene adabwerera patatha chaka adapeza kuti olera ana ankalankhula ndi ana awo kwambiri kuposa kale, anawonso ankatulutsa mawu ambiri kuposa anzawo a m'midzi imene bungweli silidafike.

Nkhani ya chilankhulo choti tizilankhula ndi mwana ndi imene imandiwawa kwambiri. M'matauni muli makolo amene adatsimikiza mtima kuti mwana wawo asamve Chichewa kuchokera pakamwa pawo. Mantha awo ndi omveka. Lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira, mayeso ndi a m'Chingerezi, ntchito imafunsidwa m'Chingerezi. Koma tamvetserani Chingerezi chimene ambirife timalankhula ndi khanda. Ndi cha malamulo okhaokha, chomuuza kuti abwere, akhale pansi, asiye, adye. Nthabwala, kunyengerera, kufotokoza kumene mvula imachokera, mbiri ya agogo, zonsezo timazisunga m'Chichewa n'kumakambirana tokhatokha akuluakulu. Mwana amamanidwa chilankhulo chimene kholo lake ndi katswiri, n'kupatsidwa chimene kholo limachita kusakasaka mawu. Chonsecho zilankhulo ziwiri sizisokoneza mwana. Ku Mangochi ana amakula ndi Chiyao ndi Chichewa, ku Nsanje ndi Chisena ndi Chichewa, ku Mzuzu ndi Chitumbuka ndi Chichewa, ndipo palibe amene amadabwa nazo. Mwana wotere amasakaniza mawu ali wamng'ono, koma ukaphatikiza amene akudziwa m'zilankhulo zonse ziwiri, satsalira anzake. Kwa abale athu a ku Johannesburg kapena ku Manchester nkhaniyi n'njosavuta kuiona. Chingerezi mwana adzachipeza kusukulu ndi mumsewu. Chichewa akapanda kuchimva kwa inu alibe kwina kochimva, ndipo tsiku loti alankhule ndi agogo ake pa foni adzangoti kukamwa yasa.

Zonsezi sizingasiyidwe m'manja mwa makolo okha. Mu 1986 ndi 1987 ku Kingston ku Jamaica, Sally Grantham-McGregor ndi anzake adatenga ana 129 opinimbira a miyezi 9 mpaka 24. Ena ankalandira mkaka woonjezera, ena ankayenderedwa ndi mlangizi wa zaumoyo kamodzi pa sabata kwa zaka ziwiri. Mlangiziyo ankaonetsa mayi momwe angasewerere ndi kuchezera ndi mwana, pogwiritsa ntchito zidole zopangidwa ndi zinthu za pakhomo. Patatha zaka 20, amene ankayenderedwa aja ankapeza ndalama zoposa anzawo ndi 25 pa 100 iliyonse. Phindu la mkaka lidaoneka poyamba koma silidakhalitse, pamene la macheza lidafika mpaka ukulu. Sindikuti chakudya n'chosafunika, mwana wanjala alibe mphamvu zosewerera. Ndikuti phala palokha silikwanira.

Kuno kwathu kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Sukulu za mmera mpoyamba zikuthandiza, ngakhale alezi ake ambiri ndi ongodzipereka, koma zimalandira makamaka ana a zaka 3 mpaka 5. Ana ocheperapo, amene ubongo wawo ukusankha maliwu ndi kutola mawu oyamba, ali pakhomo, ndipo malo amene boma limakumana nawo kawirikawiri ndi kusikelo. Kumeneko timayeza kulemera, timabaya katemera, timalemba m'buku. Pamzere womwewo mayi kapena bambo azifunsidwanso ngati mwana amatembenuka akaitanidwa, ngati wayamba "bababa", ngati amaloza, ndiponso amene amakhala naye masana. Chida chake chilipo kale. Mu 2010 Melissa Gladstone ndi anzake adafalitsa njira yoyezera kakulidwe ka ana yotchedwa MDAT, yopangidwa ndi kuyesedwa pa ana a ku Malawi konkuno, yoona kayendedwe, kagwiridwe ka zinthu, chilankhulo ndi kakhalidwe ndi anthu, ndipo maiko ena adaitengera. Alangizi a zaumoyo ali ndi ntchito yambiri kale, zimenezo ndikudziwa. Koma mafunso anayi satenga nthawi yaitali, ndipo kholo likamafunsidwa chinthu mwezi ndi mwezi limayamba kuchiyang'anira pakhomo.

Mafunso amenewa angathandize makamaka ana amene ali ndi vuto la kumva. Khutu lotuluka mafinya mobwerezabwereza, malungo ogwira ubongo ndi matenda oumitsa khosi zimatha kuwononga kumva, ndipo khanda silingadandaule. Pakhomo timadzitonthoza kuti "anyamata amachedwa" kapena "watengera amalume ake", mpaka zaka zinayi n'kukwana. Ana amasiyana ndithu, wina amafulumira wina amachedwa. Koma mwana amene sadzidzimuka ndi phokoso lalikulu, amene wafika miyezi 10 osabwebweta, amene wakwanitsa chaka osatembenuka akatchulidwa dzina, kapena wakwanitsa zaka ziwiri osalumikiza mawu awiri, tipite naye kuchipatala akamuyeze makutu. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku African Bible College ku Lilongwe kuli malo oyezera kumva.

Akapezeka kuti samva sizitanthauza kuti akhale wopanda chilankhulo. Laura-Ann Petitto ndi Paula Marentette adaonetsa mu 1991 kuti makanda osamva amene makolo awo amalankhula ndi manja amabwebweta ndi manja, pa msinkhu womwewo umene anzawo amabwebweta ndi pakamwa. Masukulu a ana osamva monga a ku Mua, Maryview ndi Embangweni amalandira mwana atakulapo kale, zaka zoyambirira atazithera pakhomo, nthawi zambiri pakati pa anthu amene sadziwa chilankhulo cha manja. Choncho banja liyenera kuyamba kuphunzitsidwa chilankhulochi mwezi womwewo umene vutolo lapezeka, ndipo mlangizi wa kusikelo ayenera kudziwa kumene angalitumize.